MBIRI YA GALILEO GALILEI, MUNTHU AMENE ANAPIMA KUGWA KWA ZINTHU

Wophunzira amene amakwera basi m'mawa kucokera ku Chunga kupita kusukulu ya sekondale amalidziwa liwiro ndi thupi lake lomwe. Amamva basi ikanyamuka, ikathamanga, ndiponso ikaima ku Matero kunyamula anthu ena. Koma akalowa m'kalasi ya Fizikisi, mphunzitsi nalemba pa bolodi mizere iwiri yopingasana ndi kumuuza kuti aonetse ulendo womwewo pa girafu, mutu umaima. Girafu ya malo ndi girafu ya liwiro zimafanana ngati mapasa, koma zonena zake n'zosiyana. Wophunzira wotere asadziyese mbuli, pakuti Galileo Galilei, katswiri amene anatsegula njira ya phunziro limeneli, nayenso anasokoneza mtunda, nthawi ndi liwiro kwa zaka zingapo asanazilekanitse.

Kubadwa ndi maphunziro ake

Galileo anabadwa pa 15 Febuluwale 1564 mumzinda wa Pisa, m'dziko limene lero tilicha Italy, ndipo anali mwana wacisamba. Amai ake anali a Giulia Ammannati. Atate ake, a Vincenzo Galilei, anali woimba zoimbira za zingwe, ndipo analembanso mabuku onena za nyimbo. Iwo sanali kuvomera cinthu cifukwa cokha cakuti cinanenedwa ndi akuluakulu akale. Pofuna kudziwa cimene cimakweza kapena kutsitsa mau a cingwe, anali kupacika zolemera zosiyanasiyana pa zingwe ndi kumvetsera kulira kwake. Mwanayo anakula akuona kuti funso limayankhidwa mwa kuyesa.

Banjali litasamukira ku Florence, Galileo anaphunzira kwa amonke a ku Vallombrosa. Pambuyo pake atate ake anamutumiza ku yunivesite ya Pisa kuti akaphunzire udokotala, nchito imene inali ndi malipiro abwino. Mtima wake sunali kumeneko. Atamva Ostilio Ricci akuphunzitsa masamu a Euclid, anataya cidwi ndi za mankhwala, ndipo mu 1585 anacoka pa yunivesiteyo wopanda digiri. Anakhala zaka zinai akuphunzitsa masamu mwapadera, kufikira mu 1589 pamene yunivesite yomweyo ya Pisa inamulemba nchito yophunzitsa masamu.

Ciphunzitso cimene anacipeza

Masiku amenewo mayunivesite anali kutsata ciphunzitso ca Aristotle, Mgiriki amene anafa m'caka ca 322 Kristu asanabadwe. Malinga ndi ciphunzitsoco, cinthu colemera cimagwa msanga kuposa copepuka, ndipo liwiro lake limatsata kulemera kwake. Ndiko kuti mwala wolemera kakhumi kuposa unzake uyenera kugwa mofulumira kakhumi. Zimenezi zinali kumveka zoona kwa aliyense amene anaona nthenga ndi mwala zikugwa. Galileo anazikaikira, ndipo ali ku Pisa analemba zotsutsa, ngakhale kuti sanazisindikize.

Pali nkhani yochuka yakuti iye anakwera nsanja yopendekeka ya ku Pisa nagwetsa mipira iwiri yosiyana kulemera pamaso pa aphunzitsi anzake. Nkhaniyi inalembedwa ndi wophunzira wake Vincenzo Viviani, Galileo atamwalira kale, ndipo m'mabuku a mwiniwake mulibe. Cimene ciyenera kukumbukika kwenikweni cinacitika kwina, m'cipinda cacete, popanda khamu loonerera.

Thabwa, kampira ndi madzi

Mu 1591 atate ake anamwalira, ndipo mtolo wosamala banja unagwera iye, kuphatikizapo ndalama za ukwati wa alongo ake. Mu 1592 anapeza nchito ya malipiro abwinopo pa yunivesite ya Padua, m'dera lolamulidwa ndi Venice, kumene anakhala zaka 18. Kuti ndalama zikwanire, anali kusunga ophunzira panyumba pake ndi kugulitsa zipangizo zowerengera masamu. Kumeneko anabala ana atatu ndi Marina Gamba: Virginia mu 1600, Livia mu 1601 ndi Vincenzo mu 1606.

Vuto lalikulu pa kufufuza kwake linali lakuti cinthu cikamagwa cimathamanga kwambiri, ndipo mawochi opima molondola nthawi yaifupi yotero kunalibe. Galileo anaganiza zocedwetsa kugwako. Monga anafotokozera pambuyo pake, anatenga thabwa lotalika pafupifupi mamita 7, nasema kangalande koongoka m'litali mwake, nayalamo cikopa cosalala. Anakweza mbali imodzi ya thabwalo pang'ono, nagubuduza kampira ka mkuwa m'kangalandemo. Kampirako kanali kugwa ndithu, koma pang'onopang'ono moti maso anali kutha kukatsata.

Popima nthawi anagwiritsa nchito madzi. Anaika cotengera cacikulu ca madzi pamwamba, cokhala ndi kapaipi kakang'ono kunsi kwake. Kampira kakanyamuka anali kutsegula madzi kuti agwere m'kapu, kakafika pamalo ofunika anali kutseka, ndipo madziwo anali kuwapima pa sikelo. Madzi olemera kawiri anali kusonyeza nthawi yotalika kawiri. Anabwereza zimenezi kambirimbiri, akusintha mtunda ndi kupendekeka kwa thabwa.

Zimene anapeza n'zosavuta kuzikumbukira. Tikagawa nthawi m'magawo ofanana, kampira kakayenda muyeso 1 m'gawo loyamba, m'gawo laciwiri kamayenda miyeso 3, m'lacitatu 5, m'lacinai 7. Tikaphatikiza, mtunda wonse kucokera poyambira umakhala 1, 4, 9 ndi 16. Motero nthawi ikawirikiza kawiri, mtunda umawirikiza kanai. Ikawirikiza katatu, mtunda umawirikiza kasanu ndi kanai. Patapita zaka zambiri ena anakaikira kuti madzi ndi sikelo zingapime bwino motero, koma mu 1961 Thomas Settle anabwereza kuyesaku ndi zipangizo zonga zomwezo napeza kuti zimatheka.

Kulakwa kwa mu 1604

Mu Okutobala 1604 Galileo analembera kalata bwenzi lake Paolo Sarpi wa ku Venice. M'kalatamo anachula molondola lamulo la mtunda limene tafotokozali, koma cifukwa cimene anapereka cinali colakwa. Iye anaganiza kuti liwiro la cinthu cakugwa limakula motsata mtunda umene cagwa, kotero kuti cikagwa mtunda wowirikiza kawiri, liwiro nalo liwirikiza kawiri.

Tiyeni tione ndi manambala a masiku ano pamene panali kulakwa. Mwala ukagwa popanda cotsekereza, liwiro lake limaonjezeka ndi mamita pafupifupi 10 pa sekondi, sekondi iliyonse. Ikatha sekondi imodzi, mwalawo wagwa mamita pafupifupi 5, ndipo liwiro lake ndi mamita 10 pa sekondi. Akatha masekondi 2, wagwa mamita 20, ndipo liwiro ndi 20. Akatha masekondi 3, wagwa mamita 45, ndipo liwiro ndi 30. Pakati pa sekondi yoyamba ndi yaciwiri mtunda wawirikiza kanai, koma liwiro lawirikiza kawiri cabe, monga momwe yacitira nthawi. Liwiro limayenda pamodzi ndi nthawi, osati ndi mtunda.

Kulakwaku n'kosavuta kugweramo, cifukwa mwala ukamagwa zinthu zitatu zonsezi zimakula pamodzi, ndipo diso silizisiyanitsa. Galileo anatenga zaka zingapo kuti akonze maganizo ake, ndipo anawakonza asanacoke ku Padua. Sanabise. M'buku lake lotsiriza anavomera, kupyolera mwa mmodzi wa anthu okambirana m'bukumo, kuti iyenso anakhala m'kulakwa kumeneko kwa kanthawi.

Cithunzi cimene anacilandira kwa akale

Kuonetsa liwiro ndi mizere sikunayambe ndi Galileo. M'zaka za m'ma 1330, akatswiri a pa Merton College ku Oxford anapeza lamulo ili: cinthu cimene liwiro lake likuonjezeka mofanana cimayenda mtunda wolingana ndi wa cinthu cina coyenda nthawi yomweyo pa liwiro losasintha la pakati, ndiko kuti la pakati pa liwiro loyambira ndi lotsirizira. Ca m'ma 1350 Mfalansa Nicole Oresme, amene anadzakhala bishopu wa Lisieux namwalira mu 1382, analijambula lamuloli. Mzere wogona anauyesa nthawi, ndipo pamwamba pake anaimika timizere tosonyeza liwiro la pa kamphindi kalikonse. Liwiro losasintha linapereka cithunzi ca ngodya zinai. Liwiro loyamba popanda kanthu ndi kumakula mofanana linapereka cithunzi ca ngodya zitatu. Kukula kwa danga la m'kati mwa cithunzico ndiko kunali mtunda woyendedwa. Ameneyu ndiye kholo la girafu ya liwiro ndi nthawi.

Akatswiri amenewa anali kulingalira ndi mutu wokha, osapima cinthu ceniceni. Galileo anatenga cithunzi ca mtundu womwewo nacigwirizanitsa ndi kampira ka mkuwa, madzi ndi sikelo. Cithunzi cake cinali cotembenuka, pakuti nthawi anaiika pa mzere woimirira, ndipo liwiro pa timizere togona, koma tanthauzo silinasinthe. Cithunzico cimafotokozanso cifukwa cake mtunda umawirikiza kanai. Nthawi ikawirikiza kawiri, tsinde la cithunzi ca ngodya zitatu limatalika kawiri, msinkhu wake nawonso kawiri, ndipo danga lonse limakula kanai.

Telesikopu ndi mlandu

Galileo anali pafupi kulemba buku la kayendedwe ka zinthu pamene nkhani ina inamucotsa pa nchitoyo. Mu 1609 anamva za telesikopu imene inapangidwa ku Holland, napanga yake yamphamvu kuposa, nailozetsa kumwamba. Anaona mapiri pa mwezi. Mu Januwale 1610 anaona miyezi inai ikuzungulira Jupiter, ndipo mu Malichi caka comweco anasindikiza kabuku kochedwa Sidereus Nuncius, ndiko kuti Mthenga wa Nyenyezi. Mbiri yake inawanda, ndipo wolamulira wa Tuscany, Cosimo II de' Medici, anamuitanira ku Florence kuti akhale katswiri wake wa masamu.

Zimene anaona zinamulimbitsa pa ciphunzitso ca Nicolaus Copernicus ca mu 1543, cakuti dziko lapansi limazungulira dzuwa. Mu 1616 akuluakulu a Mpingo wa Katolika anakana ciphunzitsoco, ndipo Kadinala Robert Bellarmine anamucenjeza kuti acisiye. Mu 1632 Galileo anasindikiza buku la makambirano lofananiza ciphunzitso cakale ndi ca Copernicus, ndipo wowerenga aliyense anaona mbali imene wolembayo anali. Papa Urban VIII, amene kale anali bwenzi lake, anakwiya. Galileo anaitanidwa ku Rome, nazengedwa mlandu, ndipo pa 22 Juni 1633, ali ndi zaka 69, anakakamizidwa kugwada ndi kukana cimene anali kukhulupirira. Bukulo linaletsedwa. Iye anakhala miyezi ingapo ku Siena, kenaka analoledwa kubwerera kunyumba kwake ku Arcetri, pafupi ndi Florence, kumene anakhala ngati mkaidi kufikira imfa yake.

Ku Arcetri kunali nyumba ya masisitere kumene kunali ana ake aakazi awiri. Wamkulu, Virginia, amene anatenga dzina lakuti Maria Celeste, ndiye anali kumutonthoza ndi makalata nthawi yonse ya mlandu. Iye anamwalira mu Epulo 1634, patangopita miyezi yocepa atate ake atabwerera.

Buku lotsiriza

Ali wokalamba, wodwala ndi wofedwa, Galileo anabwerera ku mapepala amene anawasiya zaka zoposa 20 m'mbuyomo. Akadapanda kutero, nchito ya ku Padua ikadatsalira m'bokosi. Analemba buku la sayansi ziwiri zatsopano: yoyamba ya kulimba kwa zinthu monga mitanda ya nyumba, yaciwiri ya kayendedwe ka zinthu. M'bukumu ndimo muli nkhani ya thabwa ndi madzi, cithunzi ca ngodya zitatu, ndi manambala aja 1, 3, 5, 7. Anaonetsanso kuti cinthu coponyedwa cimayenda maulendo awiri nthawi imodzi, wopita patsogolo pa liwiro losasintha ndi wogwa pansi pa liwiro lomakula, ndipo awiriwa akaphatikizana amapanga njira yokhota yochedwa parabola. Popeza mabuku ake sanali kuloledwa ku Italy, zolembazo zinatumizidwa kunja, ndipo a Elzevir anazisindikiza ku Leiden mu 1638. Pamene bukulo linatuluka, mwiniwake anali atacita khungu.

Mmene colowa cake ciwerengedwera lero

Tibwerere ku basi ya ku Chunga. Pa magirafu onse awiri nthawi imaikidwa pa mzere wogona. Kusiyana kuli pa mzere woimirira, ndipo wowerenga ayenera kuyamba wayang'ana pamenepo asananene kanthu.

Pa girafu ya malo, mzere woimirira umasonyeza kutalika kwa pamene basi yafika kucokera poyambira. Basi ikaima ku Matero, nthawi imapitirira koma malo sasintha, motero mzere umagona. Ikamayenda pa liwiro losasintha, mzere umakwera moongoka, ndipo kupendekeka kwake ndiko liwiro: mzere wokwera kwambiri usonyeza basi yothamanga, wokwera pang'ono usonyeza yoyenda mocedwa. Ikamanyamuka ndi kuonjezera liwiro, mzere umakhota monga manambala aja 1, 4, 9, 16. Mzere ukamatsika, basi ikubwerera kumene inacokera.

Pa girafu ya liwiro, mzere wogona umene uli pamwamba sutanthauza kuima. Utanthauza kuti basi ikuyenda pa liwiro losasintha. Basi yoima imaoneka ndi mzere wogona pansi penipeni, pa 0. Mzere wokwera moongoka usonyeza liwiro loonjezeka mofanana, monga la kampira ka Galileo. Mzere wotsika usonyeza kuti dalaivala waponda mabuleki, ngakhale basiyo ikali kupita patsogolo. Kubwerera m'mbuyo kumaoneka pokhapo mzere ukadutsa kunsi kwa 0. Mtunda suwerengedwa pa msinkhu wa mzere, koma pa danga la kunsi kwake. Mwacitsanzo, basi yonyamuka pa 0 ndi kufika liwiro la mamita 10 pa sekondi m'masekondi 20 imapanga cithunzi ca ngodya zitatu, ndipo mtunda wake ndi theka la 20 kuculukitsa ndi 10, ndiwo mamita 100. Ikapitiriza pa liwiro lomwelo kwa masekondi 60, imapanga cithunzi ca ngodya zinai ca mamita 600.

Palinso msampha wina, woyesa girafu ngati cithunzi ca mseu, kotero kuti mzere wokwera uoneka ngati citunda ndipo wotsika ngati citsikwe. Basi yoyenda pa mseu wathyathyathya ingathe kupereka girafu ya mapiri ndi zigwa. Mankhwala ake ndi funso lomwe lija limene linamuvuta Galileo mu 1604: cimene cikukula pano n'ciani, ndipo cikukula motsata ciani?

Imfa yake ndi za pambuyo pake

M'zaka zake zotsiriza Galileo anali kunena zolemba, ndipo Vincenzo Viviani, kenakanso Evangelista Torricelli, anali kumulembera. Anamwalira ku Arcetri pa 8 Januwale 1642 ali ndi zaka 77. Cifukwa ca mlandu uja, anaikidwa m'kacipinda ka pambali m'nyumba yopemphereramo ya Santa Croce ku Florence, ndipo mafupa ake anasamutsidwira m'manda aulemu m'kati mwa nyumbayo mu 1737. Isaac Newton anamanga pa maziko ake m'buku la Principia la mu 1687. Mu 1971 David Scott, wa ulendo wa Apollo 15, anaimirira pa mwezi pamene palibe mpweya wotsekereza, nataya hamala ndi nthenga nthawi imodzi, ndipo ziwirizo zinafika pansi pamodzi. Mu 1992 Papa John Paul II anavomera poyera kuti akatswiri a Mpingo amene anatsutsa Galileo analakwa.

Anthu ambiri amamukumbukira cifukwa ca telesikopu ndi mlandu wa ku Rome. Wophunzira Fizikisi amakumana naye pa nchito ina, ya thabwa ndi kapu ya madzi, nthawi iliyonse akalemba mizere iwiri yopingasana ndi kuika nthawi pa umodzi wa iyo.

Mafunso

1. Kodi Galileo anatengera ciani kwa atate ake pa nkhani ya kufufuza zinthu?
2. N'cifukwa ciani anagubuduza kampira pa thabwa m'malo mokagwetsa cabe?
3. Fotokozani m'mau anuanu kulakwa kumene kunali m'kalata ya mu 1604.
4. Kodi mzere wogona umatanthauza ciani pa girafu ya malo, nanga pa girafu ya liwiro?
5. Lembani ndime imodzi yofotokoza ulendo wanu wa m'mawa wocokera kunyumba, ndipo muuonetse pa magirafu onse awiri.